Mwana wanga akuzunzidwa kuhositelo, ndimusamutse?

"Mwana wanga wamwamuna ali Fomu 1 pa sekondale ina yogonera komweko kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Wabwera kutchuthi atawonda ndipo akukana kubwerera. Nditamufunsitsa waulula kuti anyamata a Fomu 3 ndi 4 amamulanda shuga ndi chiponde, amamuchapitsa zovala zawo, ndipo usiku amamugwaditsa pansi anzake akuseka. Akundiletsa kukanena kwa ahedi, akuti zikaipiraipira. Ndimusamutse?" Mayi wa ku Area 25

Mayi, yambani mwamufunsa modekha, muli awiriwiri, ngati anamenyedwapo kapena kugwiridwa malo obisika. Ngati zinafika pamenepo, umenewo ndi mlandu, ndipo lamulo loteteza ana la mu 2010 likumuikira kumbuyo. Pitani naye ku One Stop Centre (malo othandizira ozunzidwa) ya pa Kamuzu Central Hospital kapena ku Victim Support Unit ya kupolisi. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana amene ali pamavuto, ndi yaulere. Mutha kuyimba inu kapena iye mwini.

Ngati sizinafike pamenepo, musathamangire kumusamutsa. Malo kusekondale yogonera komweko sapezeka wamba, komanso palibe angakulonjezeni kuti kumene akupitako kulibe tizing'i. Musapitenso kukawakalipira anyamatawo nokha, chifukwa mukangotuluka pageti, wolipira ndi mwana wanu. Mantha akewo ndi omveka. Iye akudziwa zomwe zimachitika kawirikawiri: kholo likadandaula, mnyamata mmodzi amaitanidwa ku ofesi, amapatsidwa chibalo kapena kuimitsidwa sukulu masabata awiri, kenako hositelo yonse imadziwa amene ananeneza.

Vutotu si mnyamata mmodziyo. Amene akugwaditsa anzawo lero nawonso anagwaditsidwa ali Fomu 1, ndipo mukawafunsa amangoti "ifenso tinadutsamo." Mukachotsa mmodzi, mwambowo umatsala pompo kudikira wina. Ndipo si kuno kokha: lipoti la mu 2019 la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, linapeza kuti padziko lonse mwana mmodzi mwa atatu alionse anali atazunzidwa ndi anzake kusukulu m'mwezi umodzi wokha, ndipo m'maiko a mu Africa a kumwera kwa Sahara chiwerengerocho chinali pafupifupi theka.

Ku Norway anazindikira izi mowawa. Mu 1982 anyamata atatu a zaka zapakati pa 10 ndi 14 anadzipha atazunzidwa ndi anzawo, ndipo chaka chotsatira boma linayambitsa kampeni m'sukulu zonse. Katswiri wina, Dan Olweus, anakonza ndondomeko yokhudza sukulu yonse, kuyambira mphunzitsi wamkulu mpaka makolo, ndipo m'sukulu 42 za ku Bergen nkhanza zinatsika ndi theka. Ku Finland, ndondomeko ya KiVa, yomwe inakonzedwa ku yunivesite ya Turku n'kufalikira dziko lonse mu 2009, inaloza chala kwa oonerera. Wozunza amafuna gulu lomuchemerera. Anyamata aja amene amaseka mwana wanu akugwada ndiwo amadyetsa mchitidwewu, ngakhale ambiri amaseka chifukwa cha mantha, poganiza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ana otere akaphunzitsidwa kusaseka, kuchokapo, kapena kukamukhalira pafupi wozunzidwayo kudayiningi mawa lake, wozunza amasowa pogwira.

Zambiri mwa izi sizilira ndalama, choncho mukapita kwa ahedi musakangopempha chilango. Kapempheni kuti ana onse, kuyambira Fomu 1 mpaka 4, apatsidwe kapepala kosalemba dzina, ayankhe kuti nkhanza zimachitikira pati, nthawi yanji, ndipo anauzapo ndani. Aphunzitsi amadabwa ndi mayankho ake, chifukwa malo amene amatchulidwa ndi omwe iwo safikako: kuseri kwa zimbudzi, kubafa m'mamawa, pamzere wa nsima, njira yochokera ku prep, ndi m'hositelo magetsi akazima. Akadziwa malowo, aike munthu wamkulu pamenepo pa nthawi imeneyo. Mphunzitsi woyang'anira hositelo akamangotulukira usiku pa nthawi yosadziwika, zambiri zimatha zokha. Kusiyira maprifekiti ntchito yonseyi ine sindigwirizana nako. Nawonso ndi ana, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amachapitsa anzawo zovala.

Pakhalenso njira yonenera mosaonekera, kaya bokosi lokhoma lomwe amatsegula aphunzitsi awiri odziwika, mmodzi wamkazi. Nkhani ikabwera, wozunzidwa ndi wozunza afunsidwe payekhapayekha, osati kuwaimika pamodzi n'kuwauza kuti agwirane chanza. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mphunzitsi abwererenso kwa mwanayo kukafunsa ngati zasiya. Apa ndi pamene sukulu zambiri zimagwa ulesi. Kulankhula kamodzi pa asembule, kapena kupachika zikwangwani Lachinayi loyamba la Novembala, lomwe ndi tsiku la UNESCO lokumbukira nkhondo yolimbana ndi nkhanza m'sukulu, n'kwabwino ndithu, koma pakokha sikusintha zochitika usiku.

Musapite nokha. Funsani makolo ena a Fomu 1 pa gulu lanu la WhatsApp; mudzapeza kuti si mwana wanu yekha amene wabwera sutikesi ili pululu. Makolo asanu akapempha kuti nkhaniyi ilowe pa msonkhano wa PTA, dzina la mwana wanu limabisika pagulu, ndipo mantha ake aja amachepa.

Kwa mnyamatayo, pewani mawu oti "limba mtima, ndiwe mwamuna." Muuzeni kuti wachita bwino kuulula, ndipo mumufotokozere chilichonse musanachichite. Lembani zomwe wakuuzani, ndi masiku ake ngati akukumbukira, m'kalata yopita kwa ahedi, inu n'kusunga kope. Pakadutsa masabata awiri teremu itayamba popanda chochitika, tengani kopeyo mupite nayo ku ofesi ya Central West Education Division, yomwe imayang'anira masekondale a ku Lilongwe. Zikakanika kumeneko, kapena mukaona kuti mwanayo sakugona, sakudya, ndipo magiredi akutsika, pamenepo yambani kufunafuna malo kwina.