Lisiti ya matumba 30 ija musalembe achimwene

Mnyamata wina wanditumizira imelo, akuti amagulitsa mu shopu ya hardware ku Lilongwe. Anthu otumidwa ndi makampani amabwera, agula simenti matumba 20 koma akuti lemba 30 pa lisiti, yapamwambayo tigawana. Iye wakhala akukana, anzake akumunena kuti ndi wogona, ena agula kale njinga za kabaza iye akadali kuvutika ndi lendi. Ndiye akufunsa, kodi chilungamo chimadyetsa?

Achimwene, sindikunamizani, mwezi uno sichikudyetsani. Mwina chaka chino chomwe ayi.

Koma chomwe chimandiopsa ine si kugwidwa kokha, ndi zomwe lisitiyo imachita kwa inuyo. Yoyamba mumalemba dzanja likunjenjemera, usiku tulo osabwera, yachiwiri mumati aaa ndi kamodzi kokha, pofika yachisanu dzanja limangolemba lokha ndipo mwayamba kale kuwerengera ndalamayo pa bajeti ya kunyumba, kusiya ndiye kosatheka chifukwa mwazolowera moyo woti salary siyingakwanitse.

Cashgate ija ya 2013, kuba kwa ndalama za boma kuja, inayenda chonchi, mapepala olipira katundu yemwe sanaperekedwe n'komwe, kenako n'kufufuta mu kompyuta ya IFMIS, imene boma limagwiritsa ntchito polipira ndalama. A Baker Tilly, kampani yowerengera ndalama, atafufuza anapeza ndalama zoposa K13 biliyoni zitasowa m'miyezi 6 yokha, ma donor anaimitsa thandizo lawo ku bajeti, zipatala zinasowa mankhwala. A Oswald Lutepo, wabizinesi yemwe anakhudzidwa ndi nkhaniyi, anagamulidwa kukhala kundende zaka 11. Ndipo ena amene anayamba kugwidwa anali ogwira ntchito wamba m'boma, ndalama zili mu buti ya galimoto. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Nanga za mwayi. Munthu amene mukugawana nayeyo akumwetulira lero, koma tsiku lomwe adzatsegule shopu yake sadzakupatsani makiyi, akukudziwani bwino. Mabwana akamafuna woti ayang'anire sitoko kapena kukasiya ndalama kubanki sakulemba mu nyuzipepala ayi, amangofunsana, kodi pali mnyamata amene sagwira za eni? Dzina lanu likuyenda kale m'makambirano amenewo inu osadziwa.

Ogula aja akabweranso musakangane nawo, ingonenani mwaulemu kuti pepani bwana, ine ndimalemba zomwe zatuluka pakhomopa. Ndipo khalani ndi kabuku kanu kolembamo matumba otuluka tsiku lililonse, ndi deti, chifukwa anzanu aja akadzagwidwa adzafuna wina womukankhira mlandu.