Puleni Ikung'amba Thabwa M'malo Molisalaza

Funso: Ndimakonda kupala matabwa pa nthawi yanga yopuma, koma puleni yanga imang'amba thabwa m'malo molisalaza. Kodi ndikulakwitsa pati?

Yankho: Kawirikawiri vuto limakhala mpeni wobuntha. Uchotseni, muunole pamwala wothira mafuta pang'ono mutaupendeketsa madigiri pafupifupi 30, kenako mugoneke msana wake pamwalapo kuti kachitsulo kotsalira kunsonga kachoke. Poubwezera, mpeniwo uzingosuzumira pang'ono, chifukwa ukatuluka kwambiri umakumba thabwa.

Yang'ananinso m'mbali mwa thabwalo kuti muone kumene mizere yake yalowera, ndipo likamang'ambikabe, litembenuzeni muyambire kupala mbali inayo. Pa mfundo za thabwalo, pamene ambiri amangokakamiza ndi mphamvu, yendetsani puleni mopendeketsa pang'ono kuti zopalidwa zizituluka zopyapyala ngati pepala.