Mwana wanga akufufuza za asilikali a ku Britain, kodi zimenezi zidzamudyetsa?

Bambo wina wandilembera modandaula. Mwana wawo wamkazi ali chaka chomaliza ku yunivesite komwe akuphunzira mbiri yakale, ndipo pa kafukufuku womalizira wasankha kulemba za gulu la asilikali oyenda pansi la ku Britain lotchedwa 24th Regiment of Foot. "Zaka zinayi ndakhala ndikulipira fizi ndi ndalama ya fodya," akutero, "ndiye mwana azikawerenga za azungu amene anafa kalekale? Ntchito adzaipeza kuti?"

Bambo, nkhawa yanu ndaimva, ndipo si yachabe ayi. Ndalama ya fodya imabwera ndi thukuta. Komabe ndikupempheni kuti musamuletse mwanayo. Vuto limene ndikuliona ine ndi lakuti mutuwo wakula kwambiri, ndipo akaupitiriza chomwechi sadzaumaliza.

Gululi linakhazikitsidwa mu 1689. Linamenya nkhondo ku Blenheim mu 1704, linali pakati pa asilikali a Britain amene anagonja ku Saratoga ku America mu 1777, linapita ku Egypt mu 1801, linathandiza kulanda Cape of Good Hope m'manja mwa Adatchi mu 1806, ndipo mu 1849 linataya asilikali ochuluka ku Chillianwala pomenyana ndi Asikh a ku Punjab. Mu 1881 linasintha dzina n'kukhala South Wales Borderers, likulu lake lili ku Brecon ku Wales. Linafikanso ku Tsingtao ku China mu 1914, ku Malaya m'zaka za m'ma 1950 ndi ku Aden mu 1967, mpaka mu 1969 pamene linaphatikizidwa ndi Welch Regiment. Zaka 280 zimenezo sizingakwane m'kafukufuku wa masemesita awiri. Koma taikani malo onsewa pa mapu, muona kuti mwajambula njira imene utsamunda wa Britain unayendamo. Kulikonse kumene asilikaliwa ankafika ankapeza eni nthaka, ndiye nkhaniyi si ya azungu okha.

Ine ndikanakhala mwana wanuyo ndikanatenga tsiku limodzi lokha, la 22 January 1879. Mwezi wa December 1878, Sir Bartle Frere, yemwe anali bwanamkubwa wa Britain ku Cape, ku South Africa, anatumizira Cetshwayo, mfumu ya Azulu, malamulo amene palibe mfumu ikanawavomera, kuphatikizapo lakuti athetse dongosolo lake la asilikali. Nthawi imene anamupatsa itatha, Lord Chelmsford, mtsogoleri wa asilikali a Britain, analowa m'dziko la Azulu n'kumanga misasa m'munsi mwa phiri la Isandlwana, osakumba ngakhale ngalande zodzitetezera. Pa tsikulo iye anachoka m'mamawa ndi theka la asilikali kukafunafuna adani kwina. Masana asilikali a Chizulu pafupifupi 20,000, motsogozedwa ndi Ntshingwayo kaMahole, anazinga msasawo m'njira yawo ija ya nyanga za ng'ombe: chifuwa chikukankha kutsogolo, nyanga ziwiri zikuzungulira m'mbali. Nkhondo ili mkati dzuwa linadetsedwa pang'ono ndi kadamsana. Pofika madzulo, anthu oposa 1,300 a mbali ya Britain anali atafa, ndipo pafupifupi 600 mwa iwo anali a gulu la 24th.

Madzulo omwewo mpaka usiku wonse, pa Rorke's Drift, kamsasa ka Britain kufupi ndi Isandlwana, asilikali pafupifupi 150, ambiri a gulu lomweli, anadzitchinjiriza ndi matumba a chimanga ndi mabokosi a mabisiketi, n'kulimbana ndi Azulu oposa 3,000 otsogozedwa ndi Dabulamanzi kaMpande. Pa nkhondo yaing'onoyi panaperekedwa mendulo 11 za Victoria Cross, ulemu waukulu koposa wa Britain kwa msilikali wolimba mtima, zisanu ndi ziwiri kwa asilikali a 24th.

Apa ndi pamene pali funso loti mwana wanu angaligwire bwino. N'chifukwa chiyani usiku wa ku Rorke's Drift unatchuka chotere ku Britain, pamene masana ake asilikali a Britain anagonja moipa pa Isandlwana? Nanga pa anthu 1,300 aja, mazana angapo anali Aafirika a Natal Native Contingent, amene ankamenyera mbali ya Britain, ambiri opanda mfuti. Mayina a asilikali a 24th analembedwa mmodzimmodzi, ndipo akukumbukiridwa mpaka lero ku Brecon. A Aafirikawo ambiri sanalembedwe pena paliponse. Azulu amene anafa pa Isandlwana anadikira mpaka 1999 kuti aikiridwe chikumbutso chawo pamalopo, chopangidwa ngati mkanda wa isiqu umene ankavala ngwazi zankhondo. Ine zimenezi zimandikhudza, chifukwa funso lomweli likutidikira ifenso pa nkhani ya King's African Rifles, gulu la asilikali a Chiafirika lomwe linkamenyera Britain, ndi atengatenga athu a nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti analembedwa ndani ndipo anasiyidwa ndani angathe kudzaifufuza bwino nkhani imeneyi ku Zomba.

Zowerenga zilipo ndithu ngakhale sangakwere ndege. London Gazette, momwe boma la Britain linkalengezera zifukwa zoperekera mendulo, ili pa intaneti mwaulere. Ku Brecon kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za gululi, ndipo angathe kuwalembera imelo yofunsa chinthu chimodzi chomveka bwino. Za mbali ya Azulu afufuze maumboni amene James Stuart analemba kuchokera pakamwa pa akuluakulu a Chizulu, omwe amasungidwa ku laibulale ya Killie Campbell ku Durban. Achenjere ndi makanema a nkhondoyi. Amakoma kuonera koma si umboni, ndipo mphunzitsi womuyang'anira adzazindikira msanga ngati watengera kumeneko.

Tsopano za ntchito, ndipo sindikunamizani. Palibe ofesi imene idzamulembe chifukwa akudziwa za Isandlwana. Malo ngati National Archives of Malawi ku Zomba kapena nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri salemba anthu ambiri. Chimene adzagulitse ndi luso: kutenga zolemba ziwiri zotsutsana, kuziyeza, n'kulemba lipoti lomveka lokhala ndi umboni. Luso limeneli limafunika kwa atolankhani, ku mabungwe ochita kafukufuku ndiponso m'boma. Uphunzitsi wa ku sekondale ndi njira ina, koma ngati digiri yake si ya uphunzitsi adzafunika kuwonjezera satifiketi yake. Akafuna digiri yachiwiri, kafukufuku wolembedwa bwino ndi amene adzaonetse popempha thandizo ngati la Commonwealth Scholarship. La Chevening limafuna kuti munthu akhale atagwirako ntchito zaka ziwiri, choncho asanyoze ntchito yaing'ono iliyonse akangomaliza.

Akabwera pa holide, bambo, mukhale naye pakhonde mumufunse kuti akuuzeni funso la kafukufuku wake m'chiganizo chimodzi, m'Chichewa. Akayamba kuwerengera nkhondo kuchokera mu 1689, mumuuze abwerere kwa mphunzitsi womuyang'anira akauchepetse mutuwo semesita isanapite patali.