Kwa aNaphiri: simenti ija tiyambe taiimitsa kaye

ANaphiri, pepani ndi za mwana wa a neba anu amene wagundidwa Lachinayi pafupi ndi geti la sukulu. Ndamva kuti wathyoka mwendo koma watuluka m'chipatala, tithokoze Mulungu. Mwafunsa kuti popeza chithirireni phula latsopano mumsewu wathu kuno ku Mabvuku, mu Harare, makombi (maminibasi) ndi mishikashika (timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo) zikuuluka ngati zili pa Mutare Road, kodi si bwino nyumba iliyonse isonkhe dola imodzi, tigule simenti, tiumbe hampu tokha. Ndaona ambiri ayankha kale kuti tiumbe usiku womwe uno. Ine ndalama ndisonkha nawo, koma ya hampu yomanga tokha ayi, ndipo mundilole ndifotokoze motalikirapo chifukwa ndakhala pa chiwongolero zaka zoposa makumi awiri, basi poyamba, kenako malole, ndipo mahampu ndawaona a mitundu yonse.

Poyamba ndikuvomerezeni pa chachikulu. Mdani wathu ndi liwiro, mwalasa. Maenje aja tinkawatukwana tsiku ndi tsiku ndiwo ankatilerera ana, tinene zoona. Dalaivala ankayenda mozemba dzenje ili ndi ilo ngati woledzera, koma ankayenda pang'onopang'ono. Lero msewu wasalala, wawongoka, ndipo lamulo la m'tauni muno limalola makilomita 60 pa ola pomwe palibe chikwangwani chonena zina. Munthu wakhala m'galimoto 60 amaiona ngati kukwawa. Tiyeni tiiwerenge ali panja. Pa liwiro limenelo galimoto imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akaona mwana walumphira mumsewu, kuti diso liuze mutu, mutu uuze phazi, phazi lichoke pa mafuta lipite pa buleki, papita sekondi ndi theka, mamita 25 atha galimoto isanayambe n'komwe kuchepetsa. Kuti iime ndithu pafunika mamita ena ngati 20, ndiye kuti pamodzi 45, pa msewu wouma, matayala abwino. Matayala a mishikashika mukuwadziwa. Koma yemweyo akamayenda 30 amaima asanathe mamita 20. Ndiye kuti pamalo pomwe wa 30 waima kale n'kutsitsa galasi kuti akalipire mwanayo, wa 60 phazi lake likadali m'njira yopita ku buleki.

China chimene anthu sachidziwa: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yogundira imawirikiza kanayi. Kugundidwa pa 30 kuli ngati kugwa kuchokera pa denga la nyumba, mamita atatu ndi theka. Pa 60 kuli ngati kugwa mamita 14, pamwamba pa mafulati a ku Mbare aja. Wogwa padenga nthawi zambiri timakamuona kuchipatala. Winayo timakamuona kumanda. N'chifukwa chake nduna za maiko zitakumana ku Stockholm mu February 2020 zinagwirizana kuti pamene galimoto zimasakanikirana ndi oyenda pansi liwiro lisapitirire 30.

Tsono hampu yathuyo bwanji ndikuikana? Chifukwa ndinaumbapo nawo imodzi. Zaka zapitazo, ndikukhala kwa malume ku Mufakose, mwana anagundidwa momwemu, mkwiyo unali womwewu, ndipo tinadzuka usiku ndi mawilibala. Tinaumba chinthu chachifupi, chosongoka ngati mzere wa mbatata. Sabata yoyamba tinkaimba m'manja kumva galimoto zikukhula pansi. Sabata yachiwiri madalaivala anali ataphunzira: ankangokhotera kumbali, matayala awiri mumsewu awiri m'dothi, n'kudutsa hampuyo osaponda buleki. Ndipo m'dothimo ndi momwe ana ankayenda. Tinachotsa galimoto pakati pa msewu n'kuipititsa kumene kuli ana, ndi manja athu, ndi ndalama zathu. Penti sitinapake. Usiku wina magetsi atazima bambo wina wa njinga yamoto anaiwomba asakuiona, anachoka mano akutsogolo. Mvula itabwera madzi anaima kumtunda kwake, phula linafumbwa, panabadwa dzenje. Pomaliza a khonsolo anadzaigumula, ndipo sitinathe kutsutsa, chifukwa msewu si wathu pa lamulo. Lamulo la misewu, Roads Act, limati misewu ya m'tauni ili m'manja mwa khonsolo. Bambo wa mano uja akanafuna kutisumira, panalibe pobisala.

Hampu yeniyeni si chitunda chongotchinga. Yodziwika kwambiri imatalika mamita 3.7 potsata msewu, koma msinkhu wake supitirira masentimita 10, ndipo imakwera pang'onopang'ono. Ukaidutsa pa 25 kapena 30 umangogwedezeka pang'ono, ukaidutsa pa 60 mutu umagunda denga. Imalanga wothamanga yekha. Yathu ija inkalanga aliyense, ambulansi yomwe, mayi wodwala pakati yemwe, pamene wa kombi wolimba mtima anazindikira kuti kachitunda kafupi ukakadutsa mothamanga kwambiri masipuling'i amakameza. Komanso hampu imodzi siithandiza. Dalaivala amaima pa iyo, kenako amabweza nthawi yotayikayo pa mamita mazana awiri otsatira, ndipo ngozi imangosamukira pa geti la a neba. Zimafunika zingapo motsatizana, motalikirana osapitirira mamita 100, zopakidwa penti, za chikwangwani kutsogolo, mapeto ake otsekedwa ndi mizati kapena miyala ya m'mphepete kuti pasakhale polambalala, komanso zosiya njira ya madzi.

Pa geti la sukulu penipeni ine sindingapemphe hampu wamba. Ndingapemphe powolokera pokwezedwa: hampu yotakata, yafulati pamwamba, mizere yoyera ija ili pamwamba pakepo. Mwana amawolokera pomwe galimoto yakakamizika kale kuchepetsa, ndipo amaoneka bwino chifukwa wakwera. Mizere yokha pa phula, achimwene amene mwalemba kuti tingogula penti, pepani, ilibe mano. Pitani mukaime pa mizere iliyonse mumzinda muno muwerenge amene akuimirani. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linachita zimenezi pa sukulu za pulayimale zomwe ana ankagundidwa kwambiri: mahampu, powolokera, tinjira ta oyenda pansi, mizati, zikwangwani, nthawi zina kungosuntha geti kuti ana asamatulukire mumsewu waukulu. Atafufuza anapeza kuti kuvulala kwa ana kunatsika ndi 26 pa 100 aliwonse, ndipo ntchitoyo inalandira mphoto ya WRI Ross Prize mu 2019. Si ku Ulaya kumeneko. Misewu yake ndi yonga yathuyi, madaladala awo ndi makombi athu omwewa. Za geti zija tiziganizire bwino, chifukwa sukulu yathu ili ndi mbali ina yoyang'ana kamsewu kakang'ono, ndipo kusuntha geti ndi nkhani ya SDC (komiti ya makolo yoona za chitukuko cha sukulu) ndi ahedi, siifuna injiniya wa ku Town House, kulikulu la khonsolo.

Pali china chowawa chomwe palibe wachitchula. Ana athu amayenda pakati pa msewu chifukwa m'mbali tinalanda ndife akuluakulu. Uyu waunjika mchenga ndi njerwa za kotteji kunja kwa mpanda chaka chachitatu tsopano. Uyu waika tebulo la tomato mpaka pa phula. Apa pakutsukidwa galimoto, apo ngalande yatsekeka ndi zinyalala, madzi onunkha adzaza, ndipo mzere wa zigubu wa pa mjigo watulukira mumsewu. Mwana wa Grade 2 ayende kuti? Sindikunena kuti tithamangitse amayi ogulitsa, amenewo ndiwo akulipira fizi. Ndikunena kuti tebulo likhoza kubwerera m'mbuyo mita imodzi ndi theka, ndipo mchenga wanga womwe, inde aNaphiri ndikudziwa mukuseka, ndiulowetsa Loweruka.

Madalaivala nawo si mizukwa yochokera kutali. Ena ndi ana a m'gulu lino. Mwini kombi amafuna ndalama yake yatsiku yokwana, mafuta ndi a dalaivala, hwindi, woitanira okwera uja, naye adye, ndiye mnyamata amawerenga matiripi, osati ana. Ife okwera ndi amene timakuwa kuti tachedwa ku ntchito, ndi ife timakana kutsikira pa siteji, tikufuna pa geti penipeni, pa kona, pomwe wobwera kumbuyo sakuona. Koma anyamata omwewa akaona nsalu yofiira ya maliro pa geti ndi anthu atakhala m'mbali mwa msewu amadutsa mwaulemu, wailesi atatsitsa. Kumudzi kwa agogo ku Dedza amangoyala masamba pamsewu, wa njinga amatsika. Ndiye kuchepetsa amakutha. Tikalankhule ndi akuluakulu a pa renki, maso ndi maso, osati pa Facebook.

Nanga dola lija tichite nalo chiyani? Khonsolo simva kulira, imamva pepala. Tiyambe ndi kuwerenga. Tiyeze mamita 50 kutsogolo kwa sukulu, tiike chizindikiro uku ndi uku, munthu aime ndi wotchi ya pa foni. Galimoto yodutsa mamita amenewo m'masekondi 6 ikuyenda 30. Yodutsa m'masekondi 3 ikuyenda 60. Yosakwana 3 ilembeni nambala. Tichite zimenezi masiku asanu, m'mawa ana akamalowa ndi masana akamaweruka, tiwerengenso ana owoloka ndi pomwe akuwolokera, chifukwa powolokera tikapaika pomwe ana sadutsa ndiye kuti tataya ndalama. Ngozi ya Lachinayi ikhale ndi nambala ya lipoti la kupolisi. Ngati banja silinakanene, tiliperekeze, pakuti ngozi zokambirana pamsewu n'kupatsana ya mankhwala m'mabuku mulibe, ndipo msewu wathu umaoneka wosalakwa.

Zikatero tilembe kalata imodzi, yosainidwa ndi ahedi, SDC, mipingo, msikiti ndi eni nyumba. Ipite kwa khansala wa wadi yathu ndi ku ofesi ya khonsolo ya dera lino kuti ikafike kwa mainjiniya a misewu, kope lina kwa mkulu wa polisi, lina ku Traffic Safety Council of Zimbabwe, amene amaphunzitsanso ana m'sukulu za kuwoloka msewu mukawaitana. Kope lililonse lidindidwe, lathu tisunge. A mabungwe oimira anthu okhala mumzinda muno, Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust, makomo amenewa amawadziwa, tiwafunse. Yankho loyamba lidzakhala lakuti kulibe ndalama, ZINARA, bungwe la boma logawa ndalama za misewu, sinatumize zokwanira. Pamenepo mpomwe dola lathu lidzalankhule: tidzati zipangizo tigula ife, inu mutipatse chilolezo cholembedwa, muyeso, ndi munthu wanu woyang'anira. Pempho lotere n'lovuta kulikana, ndipo hampu yomangidwa motero palibe adzaigumule.

Ndikudziwa mukuti zonsezi zitenga miyezi, ana akuwoloka mawa. N'zoona. Mawa lomwelo pafunika akuluakulu awiri pa geti, kuyambira 6:30 mpaka belu, ndiponso poweruka, atavala majekete owala aja, kusonkhanitsa ana m'magulu n'kuwawolotsa pamodzi. Majeketewo ndi otsika mtengo ku Mbare Musika, ndiye dola loyamba lipite kumeneko. Mwana wosakwana zaka khumi satha kuyeza kuti galimoto ikubwerayo ifika liti, ngakhale mutamuphunzitsa kuyang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso. Amathamangira mnzake amene wawoloka kale. Ndiponso muwauze kuti pomwe palibe kanjira aziyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zobwera, asamazipatse msana, ndipo akatsika kombi adikire ichoke kaye, asatulukire kutsogolo kwake.

Ine ndinapuma ntchito, m'mawa ndilibe chochita koma kukangana ndi nkhuku. Ndilembeni Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu pa geti. Tepi yoyezera ndili nayo, ndibwera nayo Loweruka 8 koloko pamodzi ndi kope. ANaphiri, inu mubwere ndi foni yanu ija, yanga batire silichedwa kutha.