Kodi Donkey Kong Bananza iyenda malonda kuno ku Salima?

Achimwene, mwati muli ndi malo osewerera magemu cha ku Kamuzu Road okhala ndi makina awiri a PlayStation 4 (PS4), ndipo anyamata akhala akukuonetsani kavidiyo ka Donkey Kong Bananza pa foni n'kumakukakamizani kuti muigule. Funso lanu ndi lakuti kodi gemuyi idzagulidwa kwambiri, ndipo kodi n'kwanzeru kuoda makina ake pamodzi ndi makope angapo oti muzigulitsa. Kumaiko akunja idzagulidwa ndithu. Koma kuno kwathu musaikepo mpamba wanu pakadali pano.

Gemuyi inatuluka pa 17 July 2025, mtengo wake ku America ndi $69.99, ndipo imasewereka pa Nintendo Switch 2 pokha. Pa PS4 ayi, pa PS5 ayi, pa Switch yakale ayi, pa kompyuta kapena pa foni ayinso. Wina akadzabwera ndi flash n'kumati akuikirani pa PS4 yanu, ameneyo akufuna kukudyerani ndalama basi. Anthu anaikonda isanatuluke chifukwa Donkey Kong anali asanakhalenso ndi gemu yakeyake yoyenda mbali zonse kuchokera pa Donkey Kong 64 ya 1999, komanso Nintendo, kampani yopanga gemuyi ndi makina ake, inanena kuti anaipanga ndi anthu omwe aja anapanga Super Mario Odyssey. Chachilendo chake n'chakuti pafupifupi chilichonse chimene ukuchiona umatha kuchiphwanya: umamenya khoma n'kuboola, umakumba pansi, umazula mwala n'kugenda nawo mdani kapena kuukwera n'kumatsetsereka nawo. Anyamata anuwo sakulakwa kutengeka, kavidiyoko n'kokoma.

Kutengeka kwa anthu si kumene kumanena kuchuluka kwa makope ogulidwa. Chimene chimalamula ndi chiwerengero cha makina amene ali kale m'manyumba. Taonani Mario Kart 8: pa Wii U, makina amene anagulidwa 13.56 miliyoni okha moyo wake wonse, gemuyi inathera pa makope 8.46 miliyoni. Gemu yomweyo ataikonzako pang'ono n'kuibweretsa pa Switch, imene yadutsa makina 150 miliyoni, yagulidwa kupitirira 68 miliyoni. Switch 2 inatuluka pa 5 June 2025 ndipo masiku anayi oyamba inagulidwa yoposa 3.5 miliyoni. Panthawiyo Nintendo inkayembekezera kugulitsa makina 15 miliyoni pofika kumapeto kwa March 2026. Ndiye Bananza, ikome chotani, siingadutse chiwerengero cha makina amene agulidwa.

Funso lenileni ndi lakuti mwa eni makinawo ndi angati adzaigule. Odyssey inatuluka pa 27 October 2017, Switch ili ndi miyezi yosakwana isanu ndi itatu, ndipo pofika kumapeto kwa December chaka chomwecho inali itagulidwa makope 9.07 miliyoni pa makina 14.86 miliyoni. Kumeneko n'kunena kuti mwa anthu khumi alionse okhala ndi Switch, asanu ndi mmodzi anali nayo. Koma ameneyo ndi Mario, ndiponso inatulukira nyengo ya Khirisimasi. Mbali inayi kuli Astro Bot, gemu yodumphadumpha ya pa PS5, imene inatuluka pa 6 September 2024 n'kusankhidwa kukhala gemu yopambana ya chaka ku The Game Awards, koma milungu isanu ndi inayi yoyamba inangogulidwa 1.5 miliyoni ngakhale ma PS5 anali atadutsa 60 miliyoni. Ogula PlayStation ambiri amafuna mpira ndi mfuti, pamene ogula Nintendo amagulira makinawo magemu odumphadumpha omwewa. Bananza ili pakati pa ziwirizi. Dzina la Donkey Kong silikoka ngati la Mario, koma pamene inkatuluka inali ndi mwayi woti eni Switch 2 analibe zambiri zatsopano zoti asewere akatopa ndi Mario Kart World, gemu imene inatuluka pamodzi ndi makinawo. Kuganiza kwanga mu July 2025 kunali kwakuti mmodzi mwa eni makina atatu kapena anayi adzaigula, kutanthauza makope 4 kapena 5 miliyoni pofika March 2026. Pambuyo pake idzapitirira kuyenda pang'onopang'ono kwa zaka, monga momwe Odyssey inafikira 29 miliyoni mu 2025, chifukwa aliyense wogula makina atsopano amafunsa kuti kodi magemu abwino ndi ati.

Chimene chingaibweze m'mbuyo ndi ndemanga za olemba za magemu. Pa gemu yophwanyaphwanya ngati iyi muyang'ane zinthu ziwiri: ngati chithunzi chikudodoma pamene miyala yambiri ikusweka nthawi imodzi, komanso ngati kamera ikusokonekera munthu akakumba n'kulowa pansi. Izi sizioneka pa kavidiyo kotsatsa malonda, chifukwa amasankha malo osalala okhaokha.

Tsopano bwererani ku Salima. Musanaode kope ngakhale limodzi, werengani anthu amene mukuwadziwa kuti ali ndi Switch 2, kuyambira ku boma kuno mpaka ku Senga Bay ndi ku Chipoka. Osati amene akuti adzagula, koma amene mwawaona ali nayo m'manja. Nambala imene mupezeyo ndiwo msika wanu wonse, ndipo ena mwa iwowo abale awo ku Joni kapena ku UK adzawatumizira, enanso adzagula pa intaneti osadzera kwa inu. Kuunjika makhadi a gemuyi mu shopu pano kuli ngati kugulitsa mafuta a injini pa doko pamene asodzi onse amapalasa mabwato ndi nkhafi. Ngati mukufuna kuchitako malondawa, chitani a oda: wofunayo apereke ndalama yokwanira kugulira khadilo kumeneko, inu muonjezepo za mayendedwe, msonkho wa ku MRA ndi phindu lanu, ndipo mulembe pa lisiti kuti mtengo ukhoza kusintha kwacha ikagwa. Amene anali ndi maoda mu November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa chifukwa chake mzere umenewo uli wofunika. Chabwino chimodzi n'chakuti magemu a Nintendo satsika mtengo msanga ngati a mpira amene chaka chikatha amakhala otayika, choncho khadi limodzi likakukhalirani silikuwolerani. Koma ndalama yanu ikhala itagona.

Za kuika makinawa pa malo anu osewerera, tiyeni tiwerengetse. Mu 2025 Switch 2 inali $449.99, gemu $69.99, zonse pamodzi pafupifupi $520. Pa mtengo wa ku banki wa chaka chomwecho wa pafupifupi K1,750 pa dola, ndi K910,000. Apa simunaike mayendedwe ndi msonkho, ndipo mukudziwa nokha kuti madola a mtengo umenewo sapezeka wamba, ndiye ndalama yeniyeni ikwera kwambiri kuposa apa. Tingoyerekeza kuti mumalipiritsa K500 pa mphindi 15, kutanthauza K2,000 pa ola. Kuti mubweze K910,000 yokhayo pakufunika maola 455 olipiridwa. Makinawo atamagwira maola atatu olipiridwa tsiku lililonse osaphonya, ndi miyezi isanu musanaone phindu, magetsi ndi lendi osawerengera. Ikanipo mitengo yanu yeniyeni muone.

Ndipo vuto lalikulu si mtengo ayi, koma mmene gemuyi imaseweredwera. Mpira umakupatsani ndalama chifukwa awiri amakhala pansi, masewero amatha mphindi zochepa, wogonja amadzuka akudandaula n'kupisanso m'thumba kuti abwezere, kwinaku anzake kumbuyo akumunena. Mortal Kombat chimodzimodzi. Bananza ndi ulendo wautali wa munthu mmodzi wotenga maola ambirimbiri. Mwana akalipira K500 yake amathera mphindi zoyamba kuonera nkhani ndi kuphunzira mabatani, nthawi n'kutha asanafike pokoma. Wachiwiri akabwera apitiriza pamene mnzake wasiyira osadziwa kumene akupita, kapena ayambirenso. Makinawa amalola maina a osewera asanu ndi atatu okha, aliyense ndi posungira pake, ndiye makasitomala opitirira apo azilimbirana. N'zoona kuti awiri atha kusewera limodzi, koma wachiwiriyo amangokhala Pauline, kamtsikana kokwera paphewa pa Donkey Kong, n'kumaponya mawu ake ngati zipolopolo. Palibe wopambana kapena wogonja pakati pawo, ndiye palibe chomubwezera munthu m'thumba. Ikuyenera bwino bambo wosewera ndi mwana wake kunyumba, kapena loji ya ku Senga Bay yofuna kusangalatsa ana a alendo. Ngati muli ndi mnzanu woyendetsa loji, ameneyo ndiye kasitomala woyenera kumuuza za oda.

Pali njira yotchipa yoyesera ngati makasitomala anu angalipirire magemu odumphadumpha, pa ma PS4 omwe muli nawowo. Pezani disiki ya Rayman Legends yogwiritsidwapo kale ntchito. Imalola anthu anayi pa TV imodzi, magawo ake ndi afupiafupi, ndipo mkati mwake muli kampira kotchedwa Kung Foot komwe awiriawiri amamenyana uku akugoletsana, komwe kamakometsa phokoso ngati mpira weniweni. Onjezanipo Crash Bandicoot N. Sane Trilogy ya 2017, magemu atatu pa disiki imodzi. Ameneyu ndi wa munthu mmodzi, koma akuluakulu amene anakulira pa PlayStation yoyamba amamukumbuka, ndipo mutha kupangitsa mpikisano wa amene amalize gawo mwachangu. Sukulu zikatsekera, patulani PS4 imodzi m'mawa mpaka masana kwa milungu iwiri, muzilemba m'kope nthawi iliyonse imene wina walipirira magemu amenewa ndi nthawi imene wapempha kuti mubwezeretse mpira. Kopelo likuuzani zoona kuposa anyamata oonetsa mavidiyo aja, amene ambiri a iwo amaonerera koma salipira.

Mukapezabe kuti mukuifuna, kaya ya pa malo anu kaya ya kasitomala, samalani pogula. Ku Japan kuli Switch 2 yotchipa (mu 2025 inali 49,980 yen) imene imalankhula Chijapanizi chokha ndipo imangolola akaunti ya ku Japan. Ogulitsa ena a pa intaneti sanena zimenezi, ndiye mtengo ukatsika modabwitsa funsani chithunzi cha katoni. Makhadi ena a Switch 2, amene pakatoni pake amalemba kuti Game-Key Card, alibe gemu mkati, ndi kiyi chabe wokuuzani kuti mukaikoke pa intaneti, ndipo bandulo imathera pomwepo. Bananza ya pa khadi ili ndi gemu yonse, koma muziyang'ana zimenezi pa magemu a makampani ena. Makinawa ali ndi 256 GB mkati ndipo pofuna kuonjezera amalola microSD Express yokha, memori wamba wa mu foni sagwira. Tsiku loyamba afunika intaneti kuti akoke zowonjezera za makinawo, choncho konzekerani bandulo. Potsegula akaunti yogulira, anthu kuno amasankha South Africa kapena UK, ndipo makhadi olipirira amene mugule akhale a dziko lomwelo, apo ayi akana.

Chaja ya Switch yakale imatchaja makinawa koma siiyendetsa dock yolumikizira ku TV, ndiye ikapsa yoyambayo mufunika ina ya Switch 2 yeniyeni. N'chifukwa chake muilumikize kudzera pa chotetezera magetsi, osati pakhoma mwachindunji, makamaka nthawi imene magetsi akubwerera atathima. Ya ku UK imabwera ndi pulagi yolowa m'masoketi athu, pamene ya ku Joni ifuna adaputa. Magetsi akathima batire lake limakhala maola awiri mpaka asanu ndi limodzi ndi theka, ndipo gemu yolemera ngati iyi muyembekezere kumunsiko. Dock ili ndi fani mkati, ndiye fumbi la ku Kamuzu Road ndi kutentha kwa October zikakumana mu kabati yotseka, makinawo avutika. Iikeni pamtunda pomwe mphepo ikudutsa, muziipukuta ndi kuiphimba mukatseka. Timapadi take ta Joy-Con ndi tosalimba m'manja mwa ana ambiri ndipo mu July 2025 awiri anali $94.99, choncho pa malo a bizinesi muikenso mu bajeti padi yaikulu yotchedwa Pro Controller, imene panthawiyo inali $84.99.

Kwa kasitomala amene ali ndi Switch yakale ndipo akungofuna Donkey Kong, muuzeni za Donkey Kong Country Returns HD imene inatuluka pa 16 January 2025, kapena Tropical Freeze ya 2018. Zonsezi zimasewereka anthu awiri pa makina amene ali nawo kale. Za Bananza, werengani ndemanga za olemba za magemu, malizani milungu iwiri ya kope lija, ndipo oda yoyamba muitumize pokhapokha ndalama ya kasitomala ili m'manja mwanu.