Musakwere makwerero amenewo: yankho kwa mayi wofuna kujambula akadzidzi

Mayi wina wakwathu amene akukhala ku England wanditumizira imelo yofotokoza kuti m'bokosi limene bambo akunyumba kwawo anakhomera pamtengo kuseri kwa nyumba mwalowa akadzidzi, ndipo akufunsa ngati angakwere pamakwerero usiku, n'kutsegula bokosilo kuti ajambule ana a akadzidziwo ndi fulashi. Mayi, musayerekeze, ndipo mundilole ndifotokoze chifukwa chake funso lanuli landikhudza chonchi.

Kumudzi kumene ndinakulira, kadzidzi akalira padenga, akuluakulu ankatuluka ndi chikuni chamoto n'kumugenda, chifukwa ankati wabwera ndi malodza ndipo pakhomopo pagwa maliro. Chaka china akadzidzi a nkhope yoyera anaswa ana m'denga la tchalitchi chathu, ndipo anyamata atamva kulira kwa anawo anakwera, n'kuwatsitsa onse pamaso pa anthu amene ankawayamikira kuti achita zachamuna. Palibe anafunsa kuti mbalamezo zinkadya chiyani usiku wonse, chonsecho mabanja omwewo ankadandaula za makoswe amene ankatha chimanga m'nkhokwe. Kadzidzi wa nkhope yoyerayo ndi yemweyo amene Angerezi amamutcha barn owl, ndipo nditayamba kujambula mbalame kuno ku Ulaya ndinkaganiza kuti ndafika kumene mbalameyi ili pamtendere. Koma ndaonapo anthu a makamera odula atazinga mtengo, akuwalitsa matochi ndi kuliza mawu a kadzidzi pafoni kuti atulutse mutu, zonsezo pofuna chithunzi choika pa Facebook. Kwa ine, wogenda chifukwa cha mantha ndi wowalitsa fulashi chifukwa cha chikondi sasiyana kwenikweni, pakuti onse amathamangitsa mbalame pachisa chake, ndipo wachiwiriyo alibe ngakhale chowiringula choti sankadziwa.

Kumene inu muliko nkhaniyi ndi yalamulonso. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la mu 1981 limateteza zisa za mbalame zonse zakutchire pamene zikugwiritsidwa ntchito, koma barn owl anamuika pagulu lotetezedwa mwapadera, kotero kuti kumusokoneza ali pamazira kapena ndi ana ndi mlandu umene munthu angalipire nawo chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka miyezi 6. Bokosilo lingakhale lanu, mtengonso wanu, koma kujambulira pachisa penipeni cha barn owl kumafuna chilolezo cha Natural England, bungwe la boma loona zachilengedwe. Chifukwa chake n'chomveka: yaikazi imafungatira mazira kwa masiku pafupifupi 30, ndipo ikadzidzimutsidwa pa nthawi imeneyi ikhoza kuwathawa osabwereranso. Komanso imaikira mazirawo motalikitsa masiku awiri kapena atatu, choncho ana amaswedwa motsatizana, ndipo wamng'ono amakhala akudalirabe kufunda kwa mayi wake pamene wamkulu wayamba kale kukhwima.

Simunatchule mtundu wa akadzidzi anuwo, koma poti bokosi lili pamtengo pafupi ndi nyumba, n'kutheka kuti ndi tawny owl, wofiirira uja amene amakonda mitengo ya m'matauni. Ngati ndi ameneyo, dziwani kuti sanyengerera munthu woyandikira ana ake. Eric Hosking, katswiri wotchuka wojambula mbalame wa ku Britain, anataya diso lakumanzere mu 1937 atakandidwa ndi kadzidzi wa mtundu umenewu pamene ankakwera kumalo ake obisalira pafupi ndi chisa ku Wales. Ameneyo anali munthu wodziwa ntchito yake, ndipo kadzidzi amauluka mosamveka ngakhale pang'ono, kotero kuti mumangozindikira zikhadabo zafika kale kumaso muli pamwamba pa makwerero mumdima.

Nanga mujambule bwanji?

Jambulirani m'nyumba, pazenera lotsegula pang'ono, magetsi atazimitsidwa, inu muli kuseri kwa katani. Gwiritsani ntchito lenzi yaitali, ya mamilimita 300 kapena kuposa, kamera itakhazikika pa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), ndipo mukweze ISO (nambala imene ikakwera kamera imajambula ngakhale kuwala kuli kochepa) m'malo moyatsa fulashi, chifukwa chithunzi chosayera bwino n'chabwino kusiyana ndi kuthobwa m'maso mbalame imene ikutera ndi mbewa kukamwa. Nthawi yabwino ndi kachisisira ndi m'bandakucha, makamaka ana akakula n'kuyamba kusuzumira pakhomo la bokosi. Ana a tawny owl amatuluka asanadziwe kuuluka n'kumakhala panthambi, ndipo mukamupeza wina pansi musamutengere m'nyumba, chifukwa makolo ake amakhala akumudyetsabe ndipo mwanayo amatha kukwera mtengo yekha. Ngati mtima wanu uli poona zam'kati, gulani kakamera ka infrared kamene kamaona mumdima popanda kuwala, ndipo mudzakaike mu Novembala bokosi lili lopanda kanthu, kuti chaka chamawa muzidzaonera pafoni yanu.