Kuthokoza, kuyamikira kapena kutamanda: tilembe chiyani m'kalata yotsanzikana?

Mayi wina wanditumizira funso pa imelo. Akulemba kalata yotsanzikana ndi aphunzitsi aakulu amene akupuma pa ntchito, ndipo akufuna kudziwa ngati alembe kuti "tikukuthokozani", "tikukuyamikirani" kapena "tikukutamandani", komanso ngati n'koyenera kunena kuti munthu ndi wa mtengo wapatali.

Mayi, mawu atatuwa ndi apachibale, koma sagwira ntchito imodzi. Timathokoza pamene chabwino chatifikira ifeyo: wina watipatsa, watithandiza kapena watichereza. Kuyamikira n'kozama kuposa pamenepo, chifukwa munthu angathe kuyamikira ntchito imene iyeyo sanapindule nayo, monga mmene mungayamikirire mlimi wosamala munda wake ngakhale kuti zokolola zake simudzadya nawo. Woyamikira amakhala ataona, atalingalira, kenako n'kuvomereza kuti chinthucho chachitika bwino. N'chifukwa chake kwa ine mawu amenewa amalemera kuposa "zikomo", amene timawanenanso podutsa pakati pa anthu kapena popempha mpata wolankhula pamsonkhano.

Pa kutamanda m'pofunika kusamala. Mawuwa amakweza munthu mwiniwake, osati ntchito yake yokha, ndipo timawamva kwambiri m'mapemphero ndi m'nyimbo zolemekeza Mulungu kapena mafumu. Mukawalembera akuluakulu a kuntchito, ena angaganize kuti mukuwasyasyalika. Onaninso kuti munthu akadzitembenuzira mawu omwewa timati akudzitamandira, khalidwe limene anthu sakondwera nalo.

Nanga mtengo wapatali? Mtengo ndi chimene timalipira kuti tipeze chinthu, phindu ndi chimene chinthucho chimatibwezera, pamene kufunika sikuwerengedwa ndi ndalama ayi. Makolo ponena kuti "mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo" ankanena za kufunika kumeneku, kumene sikudalira maonekedwe kapena chuma. Alaliki amanena kuti moyo wa munthu ndi wa mtengo wapatali, ndipo palibe cholakwika, koma m'kalata yopita kwa munthu amene mwagwira naye ntchito mawuwa amamveka ngati obwereka kuguwa. Ndingakonde mutawauza kuti anali ofunika pakati panu, ndipo mutchule chimene anachita.

Mungalembe motere: "Tikukuthokozani chifukwa cha malangizo amene munkatipatsa, ndipo tikuyamikira kuleza mtima kumene munali nako pophunzitsa ana amene ena anali atawataya." Mawu oti "tikukutamandani" muwasiye.